Maluwa Ofiira a Dongo pa Linga la London

M'chaka cha 2014, zitakwana zaka 100 chiyambire nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, mmisiri woumba dongo dzina lake Paul Cummins, mothandizana ndi Tom Piper amene amakonza mabwalo a zisudzo, anadzaza ngalande youma yozinga linga lakale la Tower of London ndi maluwa ofiira okwana 888,246, lililonse loumbidwa ndi manja, ndipo lililonse loimira msilikali mmodzi wa Britain kapena wa maiko olamulidwa ndi Britain amene anatsikira kuli chete pankhondoyo. Ntchito imeneyi ndimaiyesa ya luso lalikulu, ndipo poti ndi yaikulu, iyenera kuyesedwa ndi muyeso wosakondera.

Duwalo, lotchedwa popi, sanachite kulisankha iwowa. Njere zake zimagona m'nthaka zaka zambirimbiri kufikira nthakayo itatembenuzidwa. Kotero pamene mizinga inagalauza minda ya ku Flanders, linangodzimerera lokha pakati pa manda ndi maenje. Dokotala wa asilikali a ku Canada, John McCrae, analiona nalilembera ndakatulo mu 1915, ndipo pofika 1921 bungwe la British Legion linali litayamba kugulitsa maluwa opanga pothandiza opunduka ndi amasiye. Afalansa anakonda duwa lawo labuluu, ndipo mu 1933 amayi a Co-operative Women's Guild anatulutsa loyera, lopempha mtendere. Koma lofiiralo ndilo linapambana, pakuti maso a munthu sachedwa kuzindikira mwazi.

Nzeru ya amisiri awiriwa inagona pa chiwerengero. Munthu akauzidwa kuti anafa anthu oposa zikwi mazana asanu ndi atatu, amangogwedeza mutu, popeza mtima sudziwa kulira nambala. Koma akaima pamwamba pa ngalandeyo naona kufiira kuli psuu kuzungulira makoma otuwa, kenaka n'kutsitsa maso kuyang'ana duwa limodzi, masamba ake opindidwa ndi zala za munthu, losafanana kwenikweni ndi linzake, litaima pa kamtengo kachitsulo kozikidwa m'kapinga, pamenepo amazindikira kuti khamu lonselo linali ana a anthu, aliyense wobadwa payekha. Pa zenera lina lalitali maluwawo anawakonza ngati akukhuthuka kutsikira pansi, monga magazi otuluka pabala, kotero kuti linga lomwe, nyumba ya mphamvu za mafumu, linaoneka lolasidwa. Sanawadzale tsiku limodzi ayi: anthu ongodzipereka anayamba mu Julaye, kufiirako n'kumakula pang'onopang'ono mpaka pa 11 Novembala, ndipo dzuwa likamalowa maina a akufa ankawerengedwa, lipenga n'kulira. Pambuyo pake anawazula onse nawagulitsa, lililonse mapaundi 25. Kuzulako ndikutama, chifukwa chikanakhala chamuyaya chikanazoloweredwa, ndipo chozoloweredwa sichiliza munthu.

Wolemba wina wa nyuzipepala ya The Guardian, Jonathan Jones, anadandaula kuti ntchitoyo inakongoletsa nkhondo mopyola muyeso. Sindinganene kuti ananama, pakuti kufiira kwa dongo lowotcha n'kwaudongo, kulibe fungo, kulibe matope kapena nsabwe za m'maenje. Komabe woferedwa sabwera kumanda kudzaonetsedwa mabala a mwana wake, ndipo duwa limalola munthu kuyang'ana nthawi yaitali pamene chithunzi cha mtembo chikanamthawitsa.

Chilema chimene ine ndichiona chili pamalo pomwe pali mphamvu yake. Luso lomangidwa pa chiwerengero limadalira kaundula, ndipo amene sanalembedwe m'kaundula alibe duwa. Mu 2021 lipoti la bungwe loyang'anira manda a nkhondo, Commonwealth War Graves Commission, linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo, ena sanakumbukiridwe konse. Mwa iwowa muli amtengatenga a ku Nyasaland, amene anasenza katundu wa asilikali kudzera ku Karonga kulowa m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani, nafa ndi njala, kamwazi ndi kutopa m'mbali mwa njira. John Chilembwe anali ataneneratu m'kalata yake ya 1914 kuti osauka adzafera nkhondo imene sakuidziwa mutu wake. Akuluakulu amati maliro n'kulirana. Nanga awa, amene mwazi wawo ukufuulabe kuchokera m'nthaka, anawalira ndani?

Chaka ndi chaka mu Novembala nkhata za maluwa ofiira zimaikidwa pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles ku Zomba, ndipo n'koyenera kutero. Koma inu owerenga amene munamvapo kwa agogo dzina la mbale wanu amene anatengedwa kukasenza katundu osabwerera, lilembeni dzinalo, ndi mudzi wake, ndi mfumu yake, okalamba oikumbukira nkhaniyo akadali pakati pathu. Ndipo oumba mbiya ndi osema athu aganizire chimene manja awo angamupangire.