Mfuti Si Mankhwala

Pa 29 Okutobala 1984, apolisi a mumzinda wa New York ku Amereka anathyola chitseko cha Mayi Eleanor Bumpurs, a zaka 66, kudera la Bronx. Anadza kudzawatulutsa m'nyumba chifukwa cha lendi ya miyezi inayi. Mayiwa ankadwala misala, ndipo poona anthu achilendo akulowa mwamphamvu, anagwira mpeni. Wapolisi anawawombera kawiri, ndipo anamwalira.

Patapita zaka 32, pa 18 Okutobala 2016, zomwezo zinagwera Mayi Deborah Danner, nawonso a zaka 66, m'dera lomwelo. Nthenda yawo ya schizophrenia itawavuta, mnansi anaitana apolisi. Atawanyengerera, mayiwa anatula sizasi imene anali nayo. Koma atatola chibonga chosewerera baseball, anawomberedwa kawiri m'chipinda chawo chogona. Chomvetsa chisoni nchakuti mu 2012 iwowa anali atalemba nkhani ya nthenda yawo imene inatchulanso za imfa ya Mayi Bumpurs, napempha kuti apolisi aphunzitsidwe kusamala odwala otere.

Pa milandu yonse iwiri, woweruza anapeza wapolisi wosalakwa. Bwalo linafunsa ngati wapolisiyo anali ndi chifukwa choopera moyo wake. Nanga mantha a mayi wodwala, wozingidwa m'nyumba yakeyake, anawayesa ndani? Bwalo limaweruza kamphindi ka kuwombera. Ife tiyenera kubwerera m'mbuyo ndi kufunsa: anatuma mfuti ndani kumene kunafunika dokotala?

Wapolisi anaphunzira kulamula mokweza mawu ndi kumveredwa msanga. Tsono munthu wosokonezeka maganizo samva lamulo. Chimene amamva nkuopsezedwa. Kufuula kumakuza mantha, mantha amagwiritsa mpeni, ndipo mpeni umaitana chipolopolo. Potero wodwala amaphedwa chifukwa cha zizindikiro za nthenda yake.

Komatu njira ina ilipo. Mumzinda wa Memphis, ku Amereka komweko, apolisi atapha munthu wodwala maganizo amene anali ndi mpeni mu 1987, akuluakulu anayamba mu 1988 kuphunzitsa apolisi osankhika kwa maola 40: kulankhula mofatsa, kuima patali, kudikira, ndi kuperekeza wodwala kuchipatala m'malo mwa kundende. Kudikira kungatayitse ola limodzi. Kufulumira kunatayitsa miyoyo ya amayi awiri aja.

Tisanene kuti izi nzakutali. Misala siona nkhope, ndipo wogwira sizasi mawa angathe kukhala mayi wanu kapena wanga. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.