Shula ndi liboni yake yoyela

Filimu ya I Am Not a Witch ndinaionelela pa laputopu ya mnzanga, tili anayi m'kacipinda kamodzi, ndipo poyamba tinali kufa nako kuseka. Ndani sangaseke? Ku polisi, mwamuna wina akulumbila kuti kamtsikana kanamudula mkono ndi nkhwangwa, pamene mikono yake yonse iwili ili pomwepo, akuitambasula polongosola. Kamtsikanako, ka zaka ngati 9, kangoima cete. Sikavomela, sikakana. Anthu atenga kukhala cete kwakeko ngati umboni wakuti ni mfiti.

Amene anapanga filimuyi ni Rungano Nyoni, wobadwila mu Lusaka koma wokulila ku Wales. Inatuluka mu 2017, inaonetsedwa ku Cannes, ndipo mu 2018 inapata mphoto ya BAFTA. Asanaijambule, Nyoni anakakhalako ku msasa wa azimayi onamizilidwa ufiti ku Ghana. Koma liboni yoyela imene azimayi a m'filimuyi amangidwa nayo kumsana, ati kuti asauluke, ni nzelu zake iye mwini. Mwanayo amuuza kuti asankhe: akadula liboni asanduka mbuzi, akaisiya akhala mfiti. Mmawa amupeza liboni ikali pamsana. Azimayi a pamsasapo amutcha dzina lakuti Shula.

Cimene cinandigwila mtima ni cakuti Maggie Mulubwa, amene asewela Shula, sacita zotipempha cifundo. Nkhope yake ni yotseka. Umwana wake uonekela m'tunthu tung'ono. Pali pamene aika kafanelo kabuluu kukhutu kuti amveleko mau a ana a sukulu ali kutali. Pali pamene a Banda, mkulu wa boma, amuveka zoopsa kuti aloze wakuba pa mlandu, iye n'kuimbila foni agogo a kumsasa kuti amuthandize, monga mwana amene homuweki yamukanga. Pamenepo tinasekanso. Koma munthu amene Shula analoza anamugwila ndithu.

Si zonse zinandikhutilitsa. A Banda, amene aseweledwa ndi Henry B.J. Phiri, nthawi zina apitilila malile, acita ngati munthu wa m'sewelo la pa siteji. Dyela lao lioneka poyela kwambili moti n'capafupi kunena kuti ine sindili conco. Amene anandisautsa zenizeni ni alendo odzaona malo, aja ofika ndi makamela kudzajambula azimayi okhala kumbuyo kwa mpanda. Mmodzi apempha Shula kuti ajambulidwe naye, mwanayo ali wacisoni. Ife pa laputopu paja tinali kucita ciani cosiyana? Ndiganiza Nyoni anatisekesa dala, kuti tidzipeze tili mbali ya alendowo tisanazindikile.

Ngati simunaionelele, lekelani pano. Cakumapeto, cilala cakula, onse ayembekeza kuti Shula agwetse mvula, koma siibwela. Mwanayo anena kuti cikanakhala bwino akanasankha kukhala mbuzi. Sitionetsedwa mmene anafela. Tingoona thupi lokulungidwa likusiyidwa pansi, azimayi akulila maliro, kenako mvula iyamba kugwa. Mnzanga wina anafunsa kuti, "Manje ni iye wagwetsa mvula?" Palibe anamuyankha. Pa sikilini panali lole ija ya azimayi, maliboni akuuluzika ndi mphepo, kumapeto kwake kulibe munthu.