Mlembi Akangomva Kuwomba M'manja

Kale zolemba za Chichewa zinkadutsa m'manja mwa mkonzi, kaya ku Dzuka Publishing mu Blantyre kapena ku wailesi ya MBC ku Chichiri, zisanafike kunyanja kuno. Lero alakatuli monga Robert Chiwamba amafikira owerenga a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota pa Facebook tsiku lomwelo. Limeneli ndi phindu, pakuti masitolo a mabuku ngosowa kwathu.

Komatu alembi ena achinyamata a ku Limbe ndi ku Ndirande ayamba kulembera kutamandidwa basi. Mzere wofooka palibe woudula, ndipo ndakatulo imatuluka isanapse. Inu owerenga, mkonzi watsala ndinu. Musamangoyamikira, muzilozanso pamene ndakatulo yatsimphina, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.