Mnzako akangoti basi

Filimu ya The Banshees of Inisherin ndi ya mphindi 114, koma nkhani yake mungaifotokoze madzi a tiyi asanawire. M'chaka cha 1923, pa kachilumba kena kumadzulo kwa Ireland, bambo wina dzina lake Pádraic akupita kukatenga mnzake Colm kuti akamwe mowa, monga amachitira tsiku lililonse ikakwana 2 koloko masana. Colm sakumuyankha. Atakumana pambuyo pake, akumuuza kuti sakumufunanso. Pádraic sanamulakwire, sanamutukwane ataledzera, palibe ngongole pakati pawo. Colm wangosiya kumukonda. Zotsala zonse ndi za munthu amene akukana kumva mawu amenewo.

Amene amafunsa ngati filimuyi ndi yoyenera kuonera amakhala atamva zinthu ziwiri: kuti inapata mphotho zambiri, ndi kuti imayenda ngati bilimankhwe. Zonsezi n'zoona. Itaonetsedwa koyamba ku Venice mu 2022, Colin Farrell anapata mphotho ya katswiri wa zisudzo wamwamuna, ndipo Martin McDonagh, amene anailemba ndi kuitsogolera, anapata ya kalembedwe. Inatenga mphotho 3 za Golden Globe ndi 4 za BAFTA. Ku Oscar inatchulidwa m'magawo 9 koma inabwerako chimanjamanja. Komabe mphotho sizimuthandiza munthu amene wakhala pampando madzulo, mphindi 20 zadutsa, ndipo chomwe waona ndi ng'ombe, nyanja, ndi amuna awiri osayankhulana. Ine ndikuti ionereni, ndipo kuchedwa kwakeko ndiye chifukwa choyamba.

Mumzinda ubwenzi umatha mosavuta. Umangosiya kuyankha foni, miyezi n'kupita, aliyense n'kumanamizira kutanganidwa. Pa Inisherin zimenezo sizingatheke. Malo omwera mowa ndi amodzi, tchalitchi ndi chimodzi, sitolo ndi imodzi, ndipo mayi wa m'sitoloyo amatsegula makalata a anthu n'kumakwiya ukabwera wopanda mphekesera yomuuza. Amene wakukana ukumana naye panjira m'mawa, ukumana nayenso madzulo, Lamulungu ali m'tchalitchi momwemo. McDonagh akanathamanga, sitikanamva kulemera kwa zimenezi. Amatikhazika m'masiku aatali a Pádraic mpaka ifenso tiyambe kuda nkhawa 2 koloko ikamayandikira, chifukwa munthuyu alibe kwina kopita.

Pali gawo lina limene limandikhalabe m'mutu. Wapolisi wa pachilumbapo wamumenya Pádraic pagulu, wagwa pansi. Colm, yemwe uja anati asamuyankhulenso, akumudzutsa, kumukweza pangolo, n'kugwira zingwe za hatchi kulowera kumudzi. Palibe akuyankhula. Ali m'njira Pádraic akuyamba kulira mwakachetechete. Atafika pamphambano, Colm akumupatsa zingwe zija, akutsika, n'kumapita kwake wapansi. Wina angayembekeze kuti apa ndiye pogwirizana. Ayi ndithu. Colm si munthu wouma mtima, akhoza kukudzutsa ukagwa, koma chimene wanena wanena. Brendan Gleeson amasewera zonsezi ndi msana wokha komanso kayendedwe. Anthu awiriwa anasewerapo limodzi mu In Bruges, filimu ya McDonagh yemweyo ya mu 2008, ndipo kuzolowerana kwawo kumaoneka: umakhulupirira kuti akhala pa tebulo limodzi zaka zambiri.

Nanga kuseketsa kuli pati? Kulipo, koma ndi phwete limene limakuthera pakhosi. Poona kuti Pádraic sakumva, Colm akulumbira kuti nthawi iliyonse akamuyankhula, iye adzidula chala chimodzi ndi sizasi yometera nkhosa. Adzidula yekha, osati kudula mnzakeyo. Anthu a m'balamo akuyang'anana, ifenso tikuseka, poti ndani angachite zotere? Kenaka chala chikumenya chitseko cha Pádraic. Kuyambira pamenepo umasekabe, koma ukudziyang'anira.

Monga womasulira, chimene chinandigwira kwambiri ndi mawu awiri a Chingerezi amene filimu yonse yatsamirapo, nice ndi dull. Lachiwirilo silivuta. Achinyamata a ku Blantyre anganene kuti Pádraic ndi wobowa, akuluakulu anganene kuti nkhani zake n'zosakoma. Colm amadandaula kuti tsiku lina anamvetsera kwa maola awiri nkhani ya zimene Pádraic anapeza mu ndowe za chiweto chake. Loyambalo ndiye mutu waukulu. Ndikati "munthu wabwino" ndamukweza kwambiri, chifukwa m'Chichewa ubwino uli ndi ulemu wake. Ndikati "wofatsa" ndamuchepetsa. M'Chingerezi cha mufilimuyi liwuli lili ndi kachipongwe mkati: ndi zimene umanena za munthu ukasowa china chomuyamikira. Pádraic wakhala moyo wake wonse akuyesa kuti ndi chiyamikiro chenicheni, ndipo tsoka lake ndi kuzindikira, ali wamkulu kale, kuti anthu ankamumvera chisoni chabe.

Colm ali ndi mfundo yake, ndipo si yopusa. Wakalamba, amaimba vayolini, akufuna kupeka nyimbo imene idzatsale iye atapita. Akuti palibe amakumbukira munthu wakale chifukwa choti anali wabwino mtima, koma Mozart aliyense amamudziwa. Pádraic, mowa utamulimbitsa mtima, akuyankha kuti iye amakumbukira mayi ake ndi bambo ake, ndipo anali anthu abwino. Ndimakonda kuti McDonagh sapatsa aliyense chigonjetso. Siobhán, mchemwali wa Pádraic, akungomukonza Colm modekha kuti waphonya zaka zimene Mozart anakhala ndi moyo. Ndiponso zala zimene Colm akudula ndi za kumanzere, zomwezo zokanikizira nsambo za vayolini. Munthu wofunadi nthawi yoimba sangayambire pamenepo. Wansembe akamufunsa kolapa za kutaya mtima kwake, timayamba kuona kuti nyimbo ija mwina ndi chophimba chabe.

Kwathu ukwati ukagwedezeka pali ankhoswe, mkangano wa malire a munda uli ndi amfumu. Ubwenzi wa amuna awiri akuluakulu ulibe bwalo. Palibe kokasuma kuti mnzanga wasiya kundikonda, ndipo ngakhale kunena mawuwo n'kochititsa manyazi. Sindikumbukira filimu ina imene inatenga chisoni chimenechi kukhala nkhani yake yonse.

Tsopano zondivuta. Nkhaniyi ikuchitika kumapeto kwa nkhondo yapachiweniweni ya ku Ireland, imene inayamba mu June 1922 n'kutha mu May 1923. Anthu a pachilumba amamva mizinga kutsidya la nyanja n'kupitiriza zawo. N'zoonekeratu kuti McDonagh akufuna tione Colm ndi Pádraic ngati chithunzi cha nkhondoyo: abale a dzulo akudzivulaza okha. Apa ndiye sindikumutsata. Nkhondo ija inali ndi chifukwa chodziwika. Anthu amene anamenyana limodzi ndi Britain anagawanika pa pangano la mu December 1921, lomwe linapatsa mbali yaikulu ya Ireland boma lakelake koma aphungu ake n'kumalumbirabe kukhulupirika kwa mfumu ya Britain. Ena anati ndi poyambira, ena anati ndi kugulitsa dziko. Michael Collins, mmodzi mwa osaina panganolo, anaphedwa mu August 1922. Kufanizira zimenezi ndi amuna awiri okangana popanda chifukwa ndi kupeputsa mbiri ya eni ake. Mwayi wake, filimuyi imaima bwinobwino ngakhale mutaiwala za mizingayo.

China ndi chilankhulo. Inisherin ndi dzina lopeka, koma anajambulira pa zilumba zenizeni, Inis Mór ndi Achill. Pa Inis Mór anthu amayankhulabe Chiairishi mpaka lero, ndipo mu 1923 ndicho chikanamveka m'bala ndi m'sitolo ya pachilumba chotere. Mufilimuyi aliyense akuyankhula Chingerezi chokometsedwa ndi kamvekedwe ka kumudzi, cholembedwa ndi munthu wobadwira ku London kwa makolo a ku Ireland. N'chokoma kumva, mawu amabwerezedwabwerezedwa ngati nyimbo, koma ena mwa eni dziko anadandaula kuti iyi ndi Ireland yokonzera alendo: mowa, wansembe, ziweto m'nyumba, ndi anthu osauka oseketsa. Dandaulo limeneli silachilendo kwa aliyense amene anaonapo mudzi wakwawo pa kanema wopangidwa ndi anthu akutali. Chaka chomwecho kunatuluka An Cailín Ciúin ya Colm Bairéad, yochedwa kuposa iyi, mbali yaikulu ili m'Chiairishi, ndipo inakhala filimu yoyamba ya chilankhulochi kutchulidwa ku Oscar m'gawo la mafilimu akunja. Ofuna kumva Ireland akudziyankhulira yekha ayambire kumeneko.

Liwu la banshee nalonso likuchokera ku Chiairishi. Ndi mzimu wa mkazi umene umalira usiku kulosera maliro m'banja. Ndikanati ndimasulire mutuwu, ndikanaganiza za kadzidzi wolira padenga. Mufilimuyi ntchito imeneyi ili ndi gogo wina, Mayi McCormick, amene amangoima m'mbali mwa njira ndi kaliwo wake akumwetulira, anthu n'kumabisala kuseri kwa mipanda ya miyala kuti asakumane naye. Ine ndimamuona ngati wowonjezera. Imfa imamveka kale pachilumbachi popanda woilengeza.

Ngati mwazi umakunyansani, kapena simupirira kuona chiweto chikuvutika, dziwiranitu kuti filimuyi ili ndi zonse ziwiri, ndipo kabulu ka Pádraic, Jenny, mudzakakonda musanadziwe. Yatsaninso mawu olembedwa pansi pa kanema, chifukwa katchulidwe kawo n'kovuta ngakhale kwa amene Chingerezi amachidziwa bwino.

Ndipo muziyang'ana anthu awiri amene ali m'mbali mwa mkanganowu. Kerry Condon ndiye Siobhán, yekhayo wowerenga mabuku, amene amauza Colm maso ndi maso kuti amuna onse a pachilumbachi ndi obowa, osati mchimwene wake yekha, ndipo m'thumba ali ndi kalata ya ntchito ya ku laibulale kutsidya. Barry Keoghan ndiye Dominic, mwana wa wapolisi uja, amene aliyense amamutenga ngati chitsiru cha mudzi pomwe bambo ake amamuzunza kunyumba. M'mbali mwa nyanja yaing'ono, Dominic akufunsa Siobhán ngati angadzamukonde. Akufunsa mozungulira, manja akusowa powaika, yankho akulidziwa kale. Siobhán akumukana mwaulemu wonse umene angathe. Mnyamatayo akugwedeza mutu, akuyesa kumwetulira, n'kunena kuti ali ndi kena koti akachite uko. Akutembenuka n'kumapita, ndipo tonse tikudziwa kuti kumeneko kulibe chilichonse.