Dziwe n'landani? Maganizo anga pa filimu ya Pride

Mafilimu a masewera ali ngati nsima ya pamaliro: usanaigwire n'komwe umadziwa kale kakomedwe kake. Timu imayamba ili yachabechabe, kenako pabwera mphunzitsi wolimba mtima, ana am'derera, pambuyo pake am'konda, ndipo pamapeto chikho chili m'manja nyimbo ikulira. Filimu ya Pride, yomwe inatuluka mu 2007, yatsata njira yomweyi osaphonya phazi. Ndiye mwina mufunsa kuti bwanji ndikutayira nthawi filimu yakale chonchi, yonena za masewera amene kuno ku Mulanje ambirife sitiwawerengera n'komwe ngati masewera. Zifukwa zanga ndi ziwiri. Choyamba, munthu amene filimuyi ikusimba ndi weniweni, ndipo moyo wake ndi waukulu kuposa filimuyo. Chachiwiri, amene anaitsogolera ndi mnansi wathu, Sunu Gonera wa ku Zimbabwe.

Nkhani yake ili motere. Ndi chaka cha 1974 mumzinda wa Philadelphia ku America. Jim Ellis, amene mbali yake akusewera ndi Terrence Howard, ndi mnyamata wachikuda wophunzira bwino, yemwe ankasambira m'timu ya koleji ya Cheyney State. Akufuna ntchito yauphunzitsi pasukulu ina ya ana a anthu olemera, koma am'bweza. Ntchito yomwe apeza ndi yolongedza katundu m'nyumba ya masewera ya Marcus Foster, imene akuluakulu a mzinda akufuna kutseka. M'nyumbamo apezamo mkulu wosamalira malowo, Elston, amene akuseweredwa ndi malemu Bernie Mac, komanso dziwe losambiriramo lomwe linasiyidwa kalekale. Ellis alitsuka, alidzaza madzi. Tsiku lina a mzinda abwera kudzazula zitsulo zoponyeramo mpira wa basketball panja, anyamata a m'deralo asowa chochita dzuwa likuswa mtengo, ndipo Ellis awaitanira m'madzi. Timu iyambira pamenepo. Dzina lake ndi PDR, zilembo za dipatimenti ya mzinda yoona za masewera, zomwe iwo azipatsa tanthauzo latsopano la kunyada, kulimbikira ndi kupirira.

Ndiyambe ndi zokoma, chifukwa zilipo. Gawo labwino koposa ndi lachiyambi, pamene Ellis ali yekha ndi dziwe lakelo. Palibe zoyankhula zambiri. Munthu akukolopa, akuchotsa zinyalala, kenako alowa m'madzi oyerawo n'kusambira yekha. Apa Gonera waonetsa kuti akudziwa chimene kamera ingachite. Munthu amene wangokanidwa ntchito akupeza malo amodzi padziko pomwe thupi lake likudziwa zochita, ndipo palibe womufunsa satifiketi kapena kuyang'ana khungu lake. Terrence Howard amatha kusewera munthu wosunga mkwiyo m'mimba, maso ali ngati alira koma osalira. Bernie Mac, yemwe tinam'zolowera pa nthabwala, pano akudziletsa, ndipo kudziletsako kukum'khala.

Gawo lina lomwe limandigwira mtima ndi la tsiku limene timu ya azungu ibwera kudzapikisana ku dziwe la PDR. Makolo adzaza, ana avala, aliyense wakonzeka. Alendowo afika, ayang'ana malowo, n'kubwerera osalowa m'madzi. Sanatukwane munthu, sanamenye munthu. Angokana kunyowa ndi madzi amodzi ndi anzawo. Kwa ine apa ndiye pamene filimuyi ikunena zoona zenizeni za tsankho, kuposa gawo loyambirira la 1964 ku Salisbury, m'chigawo cha North Carolina, komwe kuli kukuwizana, apolisi ndi zibakera. Chipongwe chachikulu nthawi zambiri chimabwera chitavala taye. Sindikudabwa kuti munthu wochokera ku Zimbabwe, dziko limene likulu lake nalonso linkatchedwa Salisbury, ndiye wajambula bwino gawoli. Kuno kumwera kwa Africa timadziwa kuti dziwe losambiriramo silinali madzi chabe. Linali mpanda.

Tsono nali dandaulo langa. Filimuyi yatenga ntchito ya moyo wonse n'kuipinda kuti ikwane m'nyengo imodzi ya mipikisano. Jim Ellis weniweni anayambitsa timuyi mu 1971, pa dziwe lina la Sayre kumadzulo kwa Philadelphia, ndipo pamene filimu inkatuluka n'kuti ataphunzitsa zaka zoposa 35. Analinso mphunzitsi wa masamu m'sukulu za mumzindawo, kutanthauza kuti choko ndi wezulo ankazigwira tsiku limodzi. M'manja mwake munadutsa Michael Norment, yemwe anakafika m'timu ya dziko la America. Ana ambiri amene anawaphunzitsa anakalowa m'makoleji ndi thandizo la maphunziro lomwe analipeza chifukwa cha kusambira. Chipatso chenicheni cha ntchito yake chinali chimenecho: mwana wa m'dera losauka atanyamula chikwama kupita ku yunivesite. Koma filimu ikuthera pa mpikisano umodzi wolandizana ku Baltimore, ngati kuti zonse zinali za tsiku limenelo basi.

Wina anena kuti, iwe, filimu ndi filimu, zaka 35 sizingakwane m'maola awiri. Ndikuvomera. Koma taonani zimene anasankha kuikamo m'malo mwake. Anaikamo wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, Franklin, woipa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, amene ntchito yake ndi kuopseza ana kuti Ellis apeze womenyana naye. Anaikamo khansala wamkazi, Sue Davis, yemwe poyamba akufuna nyumbayo itsekedwe koma kenako mtima wake ufewa. Anaikamo mphunzitsi wachizungu wonyoza, amene pamapeto aphunzira ulemu. Anthu onsewa tinawaonapo kale m'mafilimu ena, angosintha malaya. Nthawi imene yathera pa iwo ikanatha kutionetsa ntchito ya uphunzitsi yeniyeniyo.

Kodi mphunzitsi wa kusambira amaphunzitsa chiyani kwenikweni? Mu Pride, anyamata akusanduka akatswiri m'mphindi zochepa nyimbo ikulira: uyu akuthamanga, uyu akupalasa madzi, Ellis akukuwa, basi atha. Koma kusambira ndi luso la tinthu ting'onoting'ono. Kutulutsa mpweya nkhope ili m'madzi, osati kuusunga. Kutembenuza mutu pang'ono pokha popuma, chifukwa ukaudzutsa miyendo imamira. Kugona chathyathyathya pamwamba pa madzi. Kugudubuka ukafika pakhoma kuti usataye nthawi. Chilichonse mwa izi chimafuna kubwereza maulendo osawerengeka, m'mawa kuli chisisira, munthu wina ataima m'mbali ndi wotchi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Filimuyi ilibe kudekha kumeneko.

Kuti muone chimene chasowa, tengani chitsanzo cha James Counsilman, amene ambiri ankangom'tchula Doc. Anayamba kuphunzitsa timu ya Indiana University mu 1957 ndipo anakhalapo zaka zoposa 30. Timu yake inapambana mpikisano waukulu wa makoleji a ku America zaka 6 zotsatizana, kuyambira 1968 mpaka 1973, ndipo mmodzi mwa ophunzira ake anali Mark Spitz, yemwe anatenga mendulo 7 zagolide ku Munich mu 1972. Counsilman ankajambula osambira ali pansi pa madzi n'kumaonerera mobwerezabwereza kuti amvetse mmene dzanja limagwirira madzi. Mu 1968 anatulutsa buku la The Science of Swimming. Mu 1979, ali ndi zaka 58, anawoloka English Channel posambira. Munthu ameneyu anali ndi yunivesite kumbuyo kwake, makamera, dziwe labwino ndi malipiro. Ellis anali ndi dziwe la mzinda ndi ana oti ena anabwera asakudziwa n'kuyandama komwe. Koma luso limene ankaphunzitsa linali limodzi, madzi sasankha. Filimu yolemekezadi Ellis ikanationetsa kuti iye anali katswiri wa ntchito yake, wodziwa masamu a liwiro ndi mtunda. M'malo mwake yationetsa bambo wa mtima wabwino woyankhula mawu olimbikitsa. Mtima wabwino wokha sufupikitsa nthawi pa wotchi.

Pali chinanso. Chakumapeto, Ellis atamenyana ndi zigawenga zomwe zinaononga dziwe, adzipatsa yekha chilango chosapita nawo ku mpikisano womaliza. Ana apita ndi Elston ndipo apambana. Olemba ankafuna tione kuti ana aja akula, sakufunanso wowagwira dzanja. Ganizo labwino ndithu, koma lafika mothamanga. Sitinaone mokwanira ntchito imene inawakulitsa, ndiye kupambana kwawo kukumveka ngati mphatso yochokera kwa olemba filimu.

Nanga ife a ku Mulanje zikutikhudza pati? Boma lathu ndi lamadzi. Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila, Muloza, yonseyi ikutsika m'phirimu. Alendo amachokera kutali kudzadziponya m'madzi ozizira a pa Dziwe la Nkhalamba. Ana a m'mbali mwa mitsinjeyi amasambira, ena mochititsa kaso. Koma afunseni amene anawaphunzitsa. Ayankha kuti achimwene, kapena mnzawo wina amene anawakankhira pakuya n'kuwauza kuti apalase ngati galu. Ameneyo ndiye kochi wathu. Alibe wezulo, alibe wotchi, ndipo dzina lake silinalembedwe paliponse. Amene sanapeze achimwene otero, makamaka atsikana omwe kumtsinje amapitira kukachapa ndi kukatunga, amakula akuopa madzi amene amawawoloka tsiku ndi tsiku.

Maiwe osambiriramo m'dziko muno alipo, koma ambiri ali m'mahotela, m'makalabu ndi m'sukulu zodula monga Kamuzu Academy ndi St Andrew's. Pa koleji yomwe ine ndinaphunzira panali matimu a mpira wamiyendo ndi wamanja, koma timu yosambira sindinaionepo. Komabe Malawi amatumiza osambira ku Olympics: Joyce Tafatatha anapita ku London mu 2012, ndipo Filipe Gomes ndi Tayamika Chang'anamuno anali ku Paris mu 2024. Ku Lilongwe kunamangidwa dziwe lalikulu la mipikisano pokonzekera masewera a achinyamata a Region 5 a mu 2022. Zonsezi n'zabwino. Funso langa ndi lakuti, pakati pa mwana wa pa Likhubula ndi dziwe la ku Lilongwe lija pali mlatho wanji? Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, inde, koma pamafunika wina womuonetsa njira ya ku dziwe linalo. Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe, amene mu 2025 anasankhidwa kutsogolera bungwe la Olympics padziko lonse, anadutsira ku Auburn University ku America. Njira yake inali ndi aphunzitsi pa sitepe iliyonse.

Ndisanamizire kuti kusambira kukanapulumutsa anthu ku namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Amene tinaona zimene zinatsika m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe tikudziwa kuti anali matope, miyala ndi mitengo, ndipo ngakhale Spitz sakanalimba. Ndikunena za madzi a masiku onse: mtsinje wodzaza mu Januwale mwana akuchokera kusukulu, dziwe lakuya pomwe dzulo panali posaya. Pamenepo kudziwa kuyandama chagada ndi kusachita mantha kumatha kusiyanitsa moyo ndi maliro. N'chifukwa chake ndimati filimuyi yaphonya pamene yaika chikho patsogolo. Kwa ana a Ellis, monganso kwa athu, phunziro loyamba linali lofunika kuposa mpikisano womaliza.

Ndiye kodi muionere? Eya, ioneni. Ana asukulu aikonda, nyimbo zake za m'ma 1970 n'zokoma, ndipo pa mafilimu onena za osambira achikuda palibe ambiri oti musankhepo. Koma ikatha musafulumire kuzimitsa. Kumapeto kwenikweni akuonetsa Jim Ellis mwiniwake, bambo wachikulire, osati Terrence Howard. Mphindi zochepazo zikulemera kuposa ndewu zonse za Franklin, chifukwa zikukumbutsa kuti nyimbo itatha munthuyu anadzukanso m'mawa mwake n'kukatsekula dziwe, chaka ndi chaka.

Filimu imene ine ndikuiyembekezera sinajambulidwe. Ndi ya mphunzitsi wa pulaimale kwinakwake kumunsi kwa phirili, amene Loweruka lililonse m'chilimwe amatenga ana khumi kupita nawo pamalo osaya a mtsinje, atsikana ndi anyamata omwe, makolo atavomera movutikira. Mulibe chigawenga, mulibe chikho. Muli mwana mmodzi wamantha amene sabata yachisanu ndi chimodzi avomera kuika nkhope m'madzi n'kutulutsa thovu. Wojambula wodekha atha kupanga ola lathunthu ndi zimenezo, ndipo ine ndingalipire kuti ndionere.