Msilikali wocotsedwa nchito asakhale cete

Nkhondo ya m'dziko lathu la Moçambique inatha pa 4 Okutobala 1992, ndi pangano la mtendere la ku Roma. M'caka ca 1994 asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri anatula zida nabwerera kwao. Analandira makasu, mbewu ndi ndalama za miyezi 24. Ndalama zija zinatha. Cimene cinatsala m'manja mwao ndi cikalata. Amene anacitaya anavutika pofuna penshoni.

Lero lino asilikali akucokabe m'gulu la nkhondo. Wina acoka cifukwa ca matenda, wina cifukwa ca bala, wina cifukwa ca mlandu. Koma si onse amene acotsedwa mwacilungamo. Pa nkhani iyi tiyenera kudzudzula mbali ziwiri.

Poyamba tidzudzule maofesi. Kucotsa munthu nchito ndi mau a pakamwa n'kulakwa. Lamulo Lalikulu la dziko likuti cigamulo ca boma cimene cikhudza ufulu wa munthu ciyenera kunena cifukwa cake. Kupatsa munthu pepala la Cipwitikizi covuta, osamumasulira, n'kulakwanso. Kumuuza kuti "bwera mawa" mwezi wathunthu n'kumdyera ndalama za ulendo.

Kaciwiri tidzidzudzule tokha. Ambiri a ife timati boma silitsutsidwa. Timasaina pepala tisanaliwerenge. Timasiya zikalata kudenga kuti ciswe cidye. Ena amapereka mbuzi kwa munthu amene akuti ali ndi mnzake ku ofesi. Mbuzi ipita, mlandu osayenda. Safunsa anadya phula.

Njira yoongoka ilipo. Msilikali wocotsedwa apemphe cigamulo colembedwa. Alembe dandaulo kwa akulu a amene anamcotsa, ndipo asunge pepala lina lokhala ndi cidindo ndi tsiku. Akakanidwa, mlandu ungapite ku Tribunal Administrativo, bwalo loweruza zocita za boma.

Nanga wopanda ndalama atani? Gawo 62 la Lamulo Lalikulu likuti boma lipereke thandizo la malamulo kwa wosauka. Cifukwa cake m'caka ca 1994 linakhazikitsa IPAJ, bungwe loimira osauka pa milandu kwaulere. Maofesi ake ali ku Tete, ku Lichinga ndi m'maboma ambiri. Popita kumeneko atenge zikalata zake zonse, pamodzi ndi kalata yocitira umboni za umphawi wake.

Makolo athu amati mlandu suola. Pabwalo la mfumu ndi zoona. Koma kubwalo la boma masiku odandaulira ndi owerengeka. Akatha, khomo litsekedwa ngakhale munthu ali wosalakwa.

Abale, amene anagwira mfuti kuteteza dziko asaope colembera. Tiwerenge pepala lililonse tisanasaine. Ngati mnzathu sadziwa kuwerenga, timuwerengere ndi kumperekeza.