Get Smart: Citsilu Atacipatsa Nzelu, Nthabwala Inatsala Kuti?

Ambili a ife tinadziwa Maxwell Smart kupitila mwa Steve Carell. Filimu ya Get Smart ya mu 2008 ni imodzi mwa mafilimu aja amene mnzako amakuikila pa fulashi pamodzi na Johnny English na Rush Hour. Umatamba, umaseka, mawa waiwala. Ocepa cabe ndiwo adziwa kuti filimuyi inabadwa ku sewelo la pa TV la ku America limene linayamba mu September 1965, Zambia isanakwanitse na caka cimodzi ca ufulu. Sewelolo linayenda mpaka 1970, ndipo linali na zigawo 138.

Mukatamba zonse ziwili motsatizana, mudzapeza maina amodzimodzi, mabungwe amodzimodzi, na foni ya mu nsapato imodzimodzi. Cimene cinasintha ni munthu amene tikumuseka. Sewelo lakale linali kuseka akazitape, aja amene kuno timati ma shushushu, pamodzi na boma limene linawalemba nchito. Filimu ifuna kuti tiseke pang'ono, kenako tiimilile na kuwaombela m'manja. Amene simunaitambe, dziwani kuti m'munsimu nidzaulula mathelo ake.

Tiyambe na nthawi imene sewelo linabadwa. Mu 1962, America na Soviet Union anatsala pang'ono kuponyelana mabomba a nyukiliya pa nkhani ya Cuba. Anthu anali na mantha, ndipo mafilimu anali kuwatonthoza na kazitape wovala suti amene salephela. Goldfinger ya James Bond inatuluka mu 1964, caka cimene The Man from U.N.C.L.E. inayamba pa TV. Ndiye Mel Brooks na Buck Henry anabwela na funso lamwano: bwanji ngati munthu amene tam'patsa mfuti na zinsinsi za dziko ni citsilu? Anatenga suti ya Bond n'kuiveka munthu wa mutu ngati wa Inspector Clouseau wa mu The Pink Panther. A ABC anaikana nkhaniyo, a NBC anaitenga.

Maxwell Smart, Agent 86, agwila nchito ku bungwe la boma lochedwa CONTROL, limene lilimbana na gulu la zigawenga la KAOS. Don Adams anam'sewela na mau otulukila m'mphuno, nkhope yosamwetulila, cifuwa patsogolo. Ngati munatambako katuni ya Inspector Gadget ya m'ma 1980, mauwo muwadziwa, cifukwa ni a munthu mmodzimodziyo. Cinsinsi ca Adams cinali cakuti Max sadzikaikila olo pang'ono. Akagunda citseko, vuto ni citseko. Adani akam'gwila, amawauza molimba mtima kuti nyumba yonse yazingidwa na asilikali ambilimbili. Akaona kuti sakhulupilila, amacepetsa nambala, n'kucepetsanso, monga munthu wotsitsa mtengo pa msika, mpaka asilikali aja atsala tuana tuwili twa sikauti. Ndipo sacita manyazi. Adams anapata mphoto ya Emmy katatu motsatizana, kucokela 1967 mpaka 1969, cifukwa ca nkhope youma imeneyo.

Koma citsilu sicinali cokha. Ofesi yonse inali yodwala. Onani cipangizo cochedwa Cone of Silence: mabeseni awili a pulasitiki oonekela mkati, amene amatsika kudenga n'kuphimba mitu ya Max na bwana wake, Chief, kuti akambe zacinsinsi. Cikatsika, awiliwo samvana, amayamba kukuwa, ndipo amene ali kunja ndiwo amamva bwino. Chief adziwa kuti sicigwila nchito. Max aumilila cifukwa malamulo a ofesi akamba conco. Ndipo cimatsika ndithu. Aliyense amene anaimapo pa mzele tsiku lonse kuyembekezela sitampa imodzi, n'kuuzidwa kuti wosunga kiyi ya kabati wapita ku wekishopu, aimvetsa nthabwala iyi popanda womasulila. Pali Agent 13, amene nchito yake ni kubisala mu bokosi ya makalata kapena mu makina ocapila zovala, akudandaula za umoyo wake. Pali na nthawi imene akazitape akambilana za malipilo na sitalaka monga anchito ena onse. Ndipo pena 99 akadandaula kuti iwo nawonso amapha anthu monga a KAOS, Max amamuyankha na mtima wonse kuti afunika kuwombela na kuwononga cifukwa iwo ndiwo aimila zabwino pa dziko. Omvela amaseka, koma fupa lakhala kale pa m'melo.

Makolo anati citsilu cinaomba ng'oma, ocenjela navina. Ndiye sewelo lonse limenelo. Max aomba ng'oma, ndipo Chief, boma na dziko lonse avina, cifukwa palibe wina amene angam'tume.

Manje tiyeni ku 2008. Peter Segal, amene anatsogolela filimu, pamodzi na olemba Tom J. Astle na Matt Ember, anam'sambika Max n'kumupatsa mbili yomvetsa cifundo. Max wa Steve Carell ni munthu wa mu ofesi, katswili womvetsela makambilano a adani na kulemba malipoti aatali amene anzake amagona nawo tulo. Kale anali wonenepa ngako, anacepetsa thupi, ndipo walemba mayeso a ukazitape kambili. Pamene wapasa, Chief amukaniza kupita kunja cifukwa amufuna pa desiki. Mwayi ubwela pamene a KAOS athyola likulu la CONTROL n'kudziwa maina a akazitape pafupifupi onse. Max apatsidwa nambala 86 n'kutumidwa ku Russia pamodzi na 99.

Muone zimene zacitika apa. Max uyu adziwa Cirasha, alasa bwino na mfuti, ndipo malipoti ake amakhala oona. Amaphunthwa inde, koma cifukwa ni mlendo pa nchito. Ni nkhani ija imene Hollywood imakonda: wonyozeka amene apatsidwa mpata n'kuonetsa onse kuti anali kum'derera pacabe. Max wa Adams anali kupambana mwangozi, kapena cifukwa 99 wakonza zinthu kumbuyo, ndipo tinali kutsala na funso lakuti dziko ili lili m'manja mwa ndani. Max wa Carell apambana cifukwa ayenela kupambana. Kumathelo, mu Walt Disney Concert Hall ku Los Angeles, iye ndiye azindikila kuti bomba idzaphulika pa manoti othela a nyimbo ya Beethoven, agwetsa nkhalamba yotsogolela oimba, apulumutsa pulezidenti. CONTROL, imene andale anali kuipeputsa, ipatsidwa ulemu. Olakwa mu filimu ni aja amene sanamvele akazitape. Izi zinatuluka patapita zaka zisanu cabe kucokela pamene America inalowa mu Iraq mu 2003 pa malipoti a zida zoopsa zimene sizinapezeke. Ngati panali nthawi yoyenela kuseka mabungwe a zinsinsi mopanda cifundo, inali imeneyo.

Cone of Silence ionetsa bwino kusiyana kumeneku. Mu filimu, Max atauzidwa kuti wakwezedwa, atenga kacipangizo kaja, aganiza kuti palibe akumumva, n'kukuwa na cimwemwe pamaso pa anzake onse. N'zoseketsa zoona, Carell acita bwino. Koma tikuseka manyazi a munthu mmodzi amene tam'konda kale. Ofesi yapulumuka. Nayo foni ya mu nsapato, imene mu gawo loyamba la 1965 inalila pakati pa anthu omvetsela nyimbo mu holo, zaka zambili mafoni a m'manja asanabwele, mu 2008 ili mu galasi ya myuziyamu. Max aitenga kumeneko pamodzi na motoka yofiila ya Sunbeam, imene ithela mafuta pafupi pomwepo. Ni ulemu kwa akale, monga kuonekela kwa Bernie Kopell, Siegfried wa m'sewelo, amene apatsidwa kamphindi ali pa siteling'i. Koma cinthu cikalowa mu myuziyamu ndiye kuti caleka kuluma.

Vuto lina ni utali. Gawo la sewelo linali la mphindi pafupifupi 25: nthabwala, nthabwala, kwatha. Filimu ni ya mphindi 110, ndipo inapangidwa pambuyo pa Casino Royale ya 2006 na mafilimu a Bourne. Conco theka lake ni nkhonya, kulumpha mu ndeke, moto, na kuthamangitsana pa njanji. Zinajambulidwa mwaluso, koma pamene Dwayne Johnson, Agent 23, aululika kuti ndiye kazitape wa adani, timakhala tikutamba filimu yeniyeni ya mtundu umene tinabwela kudzaseka. Siegfried nayenso wasintha. Wa Kopell anali wokuwa, wodzimva, citsilu cinzake ca Max, moti mbali ziwili zija zinali ngati mapasa. Wa Terence Stamp ni wozizila, woopsa, ndipo ationetsa poyela kuti abwino ni awa, oipa ni awa.

Sikuti filimu ilibe zake zabwino. Alan Arkin monga Chief ni mphatso. Edward Platt wakale anali kupilila Max na mutu wowawa, pamene Arkin ni mudala wa mtima wapacala amene alumphila waciwili kwa pulezidenti pa miting'i. Bill Murray, atabisala mu mtengo monga Agent 13, akupempha munthu woceza naye, ali na mzimu weniweni wa 1965. Cocitika ca mu ndeke naco n'canzelu: Max apala cingamu ku nsapato na macisi, anthu aganiza kuti ayatsa bomba. Nsapato imene inali foni yakhala cinthu coopedwa, ndipo apo filimu yakamba zoona za nthawi yake. Palinso mtima wabwino umene sewelo linalibe. Max avina na mayi wonenepa pa phwando, ndipo filimu siimuseka mayiyo, imupatsa cipambano. Cimphona cimene asewela The Great Khali wa WWE, Max acigonjetsa mwa kukamba naco za mavuto a m'banja lake, amene anawamva pa matepi.

Nanga 99? Barbara Feldon anasewela mkazi wanzelu kupambana aliyense mu cipinda, koma wokakamizika kupeleka nzeluzo monga pempho, kuti Max aziyese zake. Anakwatilana naye mu 1968, ndipo dzina lake leni-leni silinaululidwe. Akazi ambili amene agwila nchito pansi pa bwana wosadziwa kanthu angaimvetse bwino nkhope yake yoleza mtima. Anne Hathaway samabisa kanthu: amenya, alamula, auza Max pamaso kuti ni mtolo. Uku ni kupita patsogolo. Koma olemba anavutika kufotokoza cifukwa cake mtsikana uyu angakonde mwamuna wom'posa na zaka 20, mpaka anapeka zakuti anacitidwa opaleshoni yosintha nkhope. Ndipo kumathelo amangidwa mu motoka kuyembekezela Max. Wakale anali kupulumutsa mwamuna mwakacetecete, watsopano apulumutsidwa pamaso pa onse.

Sewelo lakale nalo lili na zipsela. Kuseka kojambulidwa kale kumene amaika pambuyo pa nthabwala iliyonse kumatopetsa. Coipa kwambili ni mmene anali kuonetsela anthu a ku Asia. Cigawenga cochedwa The Claw anacisewela mzungu, ndipo nthabwala yonse inali yakuti sakwanitsa kusiyanitsa L na R pochula dzina lake. Ife amene timasekedwa pa cinthu cimodzimodzico tikakamba Cizungu tidziwa kuti nthabwala yotelo imawawa mbali iti. Filimu inacita bwino kuzisiya.

Cifukwa cake nkhani iyi itikhudza n'cakuti ambili a inu mulemba masewelo, mujambula tumavidiyo pa foni, muika pa TikTok na Facebook. Ciyeso cimene cinagwila olemba a 2008 cidzakugwilani na imwe: kukonda citsilu canu mpaka kuyamba kucikhululukila. Mukangotiuza kuti kapitawo wanu wodzimva anavutika ali mwana, kapena kuti pansi pamtima ni katswili, tidzamumvela cifundo, ndipo funso lakuti anam'patsa ndani mpando lidzafa. Citsilu cokhala na mphamvu cimaseketsa cifukwa cimaopsa.

Filimu inapanga ndalama zopitilila madola 200 miliyoni, ndipo ni yabwino kutamba pa Sondo masana na banja. Anaipeleka kwa Don Adams, amene anamwalila mu 2005, na Edward Platt. Koma ngati bando yanu ikwanila cinthu cimodzi cabe, sakilani zigawo za caka coyamba ca sewelo. Yambani na loyamba leni-leni, la zithunzi zakuda na zoyela, pamene nsapato ilila mu holo ndipo mwamuna wa suti anyamuka mwaulemu wonse kukaiyankha.